Chingwe cha anthu awiri

Ukalamba wandilanda mano, maso ndi mayina a zidzukulu zina, koma chaka chimene nyanja ya Chilwa inaphwa ndimachikumbuka chonse, ndipo ndikachikumbuka mtima umandiwirabe.

Madzi anathawa mpaka anthu ankachoka ku Kachulu wapansi kupita kuchilumba. Malemu amuna anga anali msodzi, ndiye matemba atasowa tinalibe pogwira. Mwamwayi tinapatsidwa puloti ya mpunga kusikimu ya Likangala, yolembedwa m'dzina lawo monga zinkakhalira. Kumeneko mpunga sankamwaza ngati wakudambo, ankawokera m'mizere potsata chingwe. Mlangizi anatiuza mosabisa kuti puloti yosawokera pofika Lachisanu la sabata yachiwiri ipatsidwa kwa wina. Oyifuna anali ambiri, anjala ngati ife tomwe.

Chingwecho chimafuna anthu awiri, wina tsidya ili wina tsidya lija. Mzere ukatha, mumazula zikhomo n'kusuntha limodzi. Koma mnzanga wogwira naye chingwe anali ndi wodwala wake: bwato. Linali gone pamatope ouma, ndipo iwo ankaopa kuti dzuwa liling'alula. M'mawa uliwonse ankatenga ndowa yanga yotungira madzi akumwa, kukatunga kumtsinje, kukathira m'bwatomo, n'kulifunditsa udzu ngati khanda.

"Abambo, mbande zikukalamba panazale," ndinawauza tsiku lina. "Tiyeni mukandigwirireko chingwe."

"Mayi, nyanjayi ibwera. Mpunga ndi wa chaka chimodzi, bwato ndi la moyo wonse."

"Nanga anawa adya bwatolo?"

Ananyamula ndowa, uyo wapita.

Ndinawokera ndekha, mwana ali kumsana. Ndikhome chikhomo uku, ndiwoloke thope lofika m'mawondo, ndikakhome china uko, ndiwokere mzere, ndizule, ndiwolokenso. Mzere umodzi maulendo atatu, misundu ikundiyamwa m'miyendo. Anthu a puloti zoyandikana ankandimvera chisoni, koma aliyense anali ndi Lachisanu lake.

Ngati kuti zimenezo sizinakwane, amayi achipani anabwera kudzatitenga kuti tikayeserere gule wolandirira akuluakulu ku Zomba. Masiku amenewo zotero sunkakana. Ndinavina masiku awiri, mano panja, ndikuimba kuti tikudya bwino, mtima uli pa mbande zanga. Pochoka ndinali nditawachonderera abambo kuti awokereko ngakhale mizere iwiri. Pobwera ndinapeza puloti ili momwe ndinaisiyira, koma bwato alimangira chisakasa chokongola kuposa khitchini yanga. Ndinapsa mtima koopsa.

Mzere wotsiriza ndinaumaliza Lachisanu lomwelo, dzuwa lili pamutu, mlangizi akuonekera kale pangalande. Kucheuka, ndikuona amuna anga akubwera, asamba, avala malaya a kutchalitchi. Anali atamva kuti mwini puloti ayenera kupezekapo.

Mlangizi anawerama, nasuzumira mizere ija mmodzimmodzi, kenaka anatambasulira abambo dzanja.

"Bambo, iyi ndi mizere ya munthu wodziwa ntchito. Anzanu azibwera kudzaphunzira kwa inu."

Amuna anga analandira dzanjalo ndi manja awiri, akuweramitsa mutu. "Timayesetsa, bwana."

Ine ndili chiimire m'thope, magazi akuchucha pamwendo. Mkazi sankachititsa manyazi mwamuna wake pamaso pa mlendo, choncho ndinameza mawu. Kunyumba ndinawalavula onse, iwo n'kungoseka kuti chachikulu puloti sinapite.

N'zoona, sinapite. Inalera ana athu onse ndipo mpaka lero tikudya mpunga wake. Anthu anabweradi kudzaphunzira: abambo ankaima pamalo ouma akulozaloza ndi ndodo, ine ndikuwaonetsa m'thope. Nyanja itabwerera anabwerera ku bwato lawo, ndipo sindikumbuka kuti anawokerapo mbande ngakhale imodzi moyo wawo wonse. Sanali munthu woipa. Sanandimenyepo, nsomba yabwino ankabwera nayo kunyumba. Koma sanatsegulepo pakamwa pagulu kunena kuti mizere ija inali yanga, ndipo zimenezo zimandiwawa.

Pamaliro awo mkulu wa mpingo anaimirira, nati mudzi wataya katswiri, munthu amene anatiphunzitsa tonse kuwokera mpunga m'mizere. Anthu anavomereza ndi mitu. Ine ndinalira mokweza kuposa aliyense, ndipo azimayi anandigwira mapewa akunong'onezana kuti mayiwa ankawakonda amuna awo.