Mzere Umene Seva Inaukana

Alamu anga, amuna a achemwali, ankasamalira makompyuta pachipatala china chaching'ono. Kuntchito ankawatcha a Zimitsani, chifukwa ukawadandaulira chilichonse ankayamba ndi kuti, "Zimitsani, muyatsenso." Ndi munthu wofatsa, woti ngakhale fani ya kompyuta amaipukuta ndi kaburashi kotsukira mano.

Zotsatira za magazi a odwala zinkasungidwa mu seva, kompyuta yaikulu ya m'kachipinda kozizira kuseri kwa labu, malo oyezera magazi. Alamuwo ndi amene anakakamiza abwana kuti m'malo mwa pulogalamu yosungayo aikemo yatsopano. Abwana anavomera monyinyirika: "Zikavuta, mutu ndi wanu."

Zinavutadi. M'fayilo ya malangizo munali mzere umodzi wouza seva kuti izilankhulana ndi makina akale oyezera magazi m'njira yakale. Pulogalamu yatsopanoyo inaukana, n'kulemba kuti njira imeneyo siikuloledwanso. Mzerewo ukakhalamo, seva sinkadzuka. Akauchotsa, inkadzuka bwinobwino, koma makina a magazi osawamva. Kubwerera ku pulogalamu yakale kunali kosatheka, pakuti, ngati ndinamva bwino, yatsopanoyo inali itasintha kale kasungidwe ka zonse.

Mayi wa mu labu anasuzumira pakhomo. "A Zimitsani, mankhwala anu aja lero atha mphamvu? Anthu adzaza pabenchi."

"Ndikuyesa, mayi."

"Mwakhala mukuyesa chifikireni. Ine ndikukopera manambala pamanja ngati mwana wa sukulu."

Alamu anaimbira foni kampani yomwe inagulitsa makinawo. Mtsikana woyankha anati mtundu umenewo anasiya kuusamalira, agule wina. Anafunsanso pa intaneti, wina n'kuwayankha kuti, "Bwanji mukusungabe zakale?"

Tsiku lotsatira abwana anabweretsa katswiri wochokera kwina, wa chikwama chonyezimira. Katswiriyo anawerenga uthenga wa pulogalamu uja, nauchotsa mzerewo, naubwezera, n'kukanda m'mutu.

"Apa palibe chochita, bwana. Akuluwa sanalakwitse kalembedwe. Pulogalamuyi ndi makinawa sizingamvanenso basi."

Alamu anakhazika mtima pansi, poganiza kuti mawuwo awapulumutsa. Koma abwana anangofunsa kuti, "Nanga anati tisinthe ndani?"

Kenako abwana anatambasula dzanja, ndipo alamu anamasula kiyi wa kachipindako palamba wawo.

Masiku ano amakhala pakadesiki ka m'khonde, kusintha inki m'mapulinta. Achemwali akuti akafika kunyumba amakhala pampando osavula nsapato. Ine ndikawachezera ndimasowa poyambira, ndiye timangokamba za mvula.