Chikho cha nkhunda ya a Lahcen

Ilyas wa mumzinda wa Salé amalemba mapulogalamu a kompyuta, ndipo kale ankadziona ngati munthu wosalakwitsa. Bambo ake, a Lahcen, anaweta nkhunda zampikisano padenga zaka makumi atatu osapatako mphoto, ngakhale supuni. Awiriwa ankadyera mbale imodzi, koma nkhani zawo zinkathera pa "tandipatsira buledi."

Gulu la oweta nkhunda litagula timphete tovala nkhunda kumwendo, tolemba nthawi imene mbalame yalowa m'khola, linapempha Ilyas kuti alembe pulogalamu yosanja opambana. Anailemba tiyi asanazizire.

"Ifetu timawerenga mpaka mamilisekondi," anadzitama. "Sekondi imodzi kuiduladula tizidutswa chikwi. Mikangano yatha, akuluakulu."

Inathadi. Pa mpikisano wochokera ku Marrakech, Zarga, nkhunda ya a Lahcen yotchuka ndi kupumira pa mzikiti uliwonse, inakhala nambala wani. Anthu anang'ung'udza, koma ndani angatsutse kompyuta? Chikho chinakakhala pabalaza.

Patatha sabata, Ilyas anatsegulanso pulogalamu ija n'kupezamo cholakwika. Anali atatenga kachidutswa ka mamilisekondi kokha, kamene kamayenda kuchoka pa ziro kufika pa 999 n'kuyambiranso, ola, mphindi ndi masekondi n'kuzisiya panja. Zarga inachedwa ndi mphindi makumi anayi, koma kachidutswa kake kanali 3, kochepa kuposa ka nkhunda zina zonse. Anali maere basi.

Anakwera padenga kuti akaulule, chikho chibwezedwe. Anapeza bambo ake akumwazira nkhunda mapira.

"Ababa, za chikho chija..."

"Khala chete, iwe," anatero a Lahcen motsitsa mawu. "Ukundiyesa mwana? Zarga inafika ine nditamwa tiyi kawiri. Ndinadziwa tsiku lomwelo kuti ndi dzanja lako." Anamugwira paphewa, misozi ili lengelenge. "Zaka zonsezi ndimati mwanayu sandiwerengera. Kani umandiona ndikamatsika padenga chimanjamanja! Usadzabwerezenso, ndi tchimo. Koma zikomo, mwana wanga."

Ilyas anagwidwa ndi manyazi, chisoninso chinamugwira. Chinthu chokoma chokhacho chimene anachitirapo bambo ake chinali cholakwitsa.

Anatsika n'kukakonza pulogalamuyo, mzere umodzi wokha. Zarga sinapambanenso. Mpaka lero a Lahcen amanyadira kumtima kuti mwana wawo anaba chikho chifukwa cha iwo, ndipo Ilyas, munthu wosalakwitsa uja, sanawatsutsepo.