Mwamuna Wachiwiri wa Mayi Solange

M'mudzi wathu uno wa kugombe la Normandy, ku France, aliyense amadziwa kuti Mayi Solange Lecoufle ali ndi amuna awiri. Woyamba ndi Bambo Firmin, amene anapuma pa usodzi koma pakamwa sanapume. Wachiwiri ndi Orville, msilikali wa ku Amereka amene anafera pamchenga wathuwu tsiku lomwe asilikali anatsika m'zombo pa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse, Mayi Solange akadali khanda.

Manda a Orville anayamba kuwasamala zaka makumi atatu zapitazo, ataona kuti palibe woikapo maluwa. Mwezi ndi mwezi amatapa mchenga wonyowa m'kandowa, n'kukaupaka m'zilembo za pamtanda woyerawo kuti dzina lioneke.

"Mukupitanso kwa mnzangayo?" amatero Bambo Firmin. "Ine batani la malaya linathothoka chaka chatha."

"Mnzanuyo sadandaula, bambo. Mutengereko khalidwe."

Ndiye chaka chino kunafika kalata yoti Darlene, mdzukulu wa mchemwali wake wa Orville, akubwera. Mayi Solange chakudya chinawakanika. Ankaona kuti mwini maliro akafika awathokoza mwaulemu, kenako n'kuwauza kuti basi, kapumuleni.

Tsikulo anavala chipewa cha kutchalitchi, kandowa kaja n'kukabisa kumbuyo ngati akuba. Darlene anaima pamtandapo n'kujambula ndi foni, koma dzina silinatuluke: zilembo zoyera pamwala woyera. Anajambulanso, chimodzimodzi.

Mayi Solange anapirira, mpaka zinawakwana.

"Mwana wanga, satero. Tasuntha."

Anagwada, napaka mchenga, napukuta ndi kansanza. Dzina linatuluka lonse, lofiirira. Darlene analira kaye, kenako anatulutsa chithunzi cha Orville m'chikwama: kamnyamata koonda, makutu ngati zogwirira poto.

Bambo Firmin, amene anawatsatira kumandako, anasuzumira. "Zaka zonsezi ndakhala ndikuchitira nsanje makutu amenewa?"

"Khalani chete, inu. Anu ndi abwino?"

Darlene, m'Chifalansa chake chothyokathyoka, anati, "Mayi, ine ndikukwera ndege Lolemba, ndipo kwathu n'kutali. Kodi mungapitirize kusamala mandawa?"

Mayi Solange anakonza chipewa, nayang'ana kunyanja ngati munthu wa zochita zambiri.

"Mawondowa akalamba, koma tiona," anatero. "Tandiuza, anabadwa tsiku liti? Pamtandapa analemba la imfa lokha, ndipo ine ndikufuna ndizibweranso pa linalo."