Mpando wa pa kompyuta ya malume

Ndinadinanso, koma palibe chinatseguka. Kunja kwa kashopu ka malume pa Nkando kunali chiperoni, ndipo anthu othyola tiyi anali atadzaza pakhomo, akununkha masamba onyowa ndi utsi wa nkhuni, aliyense memole khadi m'manja kuti ndimubenere nyimbo. Ine ndinali pampando, mausi m'dzanja, thukuta lili kamukamu ngakhale kunkazizira.

Mpando umenewo ndinayamba kuukhalira ndili Sitandade 6. Malume ankadziwa kugula ndi kugulitsa basi, kompyuta anandisiyira ine, mwana wa mlongo wawo. Kwathu mwana wa mlongo ndiye wako, wobereka wekha ndi wa kwa amayi ake. Chizungu sindinkachimva. Tizithunzi ta pa sikirini ndinkatidziwa ngati mizere ya m'munda mwathu: ka pamwamba kumanzere nyimbo za kutchalitchi, kotsatira za ku Mozambiki, ka pansi penipeni makaswida a Asilamu, kofiirira mafilimu. Dzanja linkapita lokha. Anzanga akamasewera mpira wachikulunga kuseri kwa msika, ine sindinkasirira.

Ndiye kunabwera Dalitso, mwana wa malume, kudzakhala holide kuchokera ku sekondale ku Blantyre, atavala nsapato zoyera zosadziwa matope. Tsiku lina analumikiza foni yake ku kompyuta kuti kompyutayo ipange apudeti, akuti inali yotsalira. Kutacha, tizithunzi tonse tinali titasuntha, tambiri titasanduka timapepala toyera tofanana. Ukadina, kankatuluka kabokosi ka Chizungu.

"Malume, nyimbo zonse zafufutika," ndinatero. "Waononga ndi mwana wanuyu."

Pansi pa mtima ndinakondwa. Ndinkadikira kuti mbama imugwere.

Dalitso anangoseka, akutafuna chinanazi. "Msuweni, tasuntha. Tizithunziti ndi zikwangwani chabe. Chikwangwani chikagwa, ndiye kuti Nkando wasamuka?"

Anthu anaseka. Iye anakhala pampando wanga, nadina batani la kumanja la mausi, limene ine ndinkaliopa. Anati apudeti yasintha dzina la disiki mmene munali nyimbo, moti tizithunzi tinkaloza njira yakale. Anafufuta takale, napeza mafoda onse ali bwinobwino, napanga tatsopano. Koma sanatibwezere m'malo mwake. Anatindandalika motsatira mayina a Chizungu, tonse tachikasu, tofanana ngati anapiye. Sipika inalira, mayi wina pakhomo anaimba nthungululu.

"Mlendo ndiye abwera ndi kalumo kakuthwa," anatero malume, akumusisita phewa. Ine sanandigwirepo phewa chotero.

Nyengo yonse yozizirayo ntchito yanga inali kusesa, kupukuta fumbi pa masipika ndi kukoleza mbaula yoti Dalitso aziotha miyendo. Ndinkadana ndi kuseka kwake, ndinkadana ndi zala zake zosalala, ndinkadana ngakhale ndi mmene atsikana a mumsika ankamutchulira dzina. Ndikamatafuna kalongonda kuseri kwa chitseko, ndinkapemphera kuti magetsi azime.

Lero ndimanyamula katundu wa alendo ku Likhubula, kukwera naye phiri. Nyimbo anthu amazitenga okha pa foni, mashopu obena ambiri anatsekedwa, ndipo mpando tinkalimbiranawo palibe angaufune. Nsanje yokha ndiyo sinakalambe.

Chaka chimenecho, holide ya Dalitso itatha, ndinkati zanga zibwerera. Malume anandikhazika pa kompyuta. "Tandipezera za ku Mozambiki." Ndinayang'ana tizithunzi tachikasuto, dzanja linangoima.

"Ngati sungathe, ndilemba mnyamata wina," anatero malume. "Dalitso, muonetse mnzakoyu usanakwere minibasi."

Dalitso anatula chikwama chake pansi. Ulendo uno sanaseke. "Bwera msuweni, ndikuwerengere kamodzikamodzi. N'zosavuta."

Anakoka benchi kuti tikhale limodzi. Ndinaika mausi patebulo, ndinatuluka, ndinatsata msewu wa kwa amayi.