Wakuba wa m'kompyuta ya aphunzitsi

Amuna anga anamwalira mvula itangoyamba. Pamene chimanga chinkamasula, ine ndinali nditayamba kale ntchito ya m'nyumba kwa aphunzitsi ena a ku sekondale, m'tauni ya Chipata. Ndinkachoka ku Nabvutika m'mawa, kukachapa, kukolopa ndi kusita, madzulo n'kubwerera wapansi. Aphunzitsiwo ndi akazi awo anali anthu a ku mishoni ya Tamanda, ophunzira kuyambira makolo awo. Ine sukulu ndinalekera giledi 3, koma sankandinyoza.

M'chipinda chochezera munali kompyuta. Anabwera nayo mng'ono wawo wa aphunzitsi pochokera kunja kumene ankaphunzira. Masiku amenewo anthu ambiri a kwathu anali asanaionepo. Inkakhala yofunditsidwa nsalu yoluka, ndipo ine popukuta fumbi ndinkailambalala.

Mwana wanga woyamba, wamwamuna, anali atalemba mayeso a giledi 12 ndipo ankangokhala pakhomo kudikira zotsatira. Aphunzitsi atamva, anati azibwera kudzawalembera mapepala a mayeso a ana a sukulu pa kompyutapo. Akamaliza ntchitoyo ankamulola kusewerapo. Ndinakondwera kuti mwana wapeza chochita, chifukwa chiikire maliro sankalankhula kwambiri. Komanso anali ndi chifuwa. Chinayamba sabata ya maliro, chouma, chosatha. Bambo ake anayambanso choncho. Ndikamachapa kuseri kwa nyumba khutu langa linkakhala pa zenera, kumvetsera ngati watsokomolanso.

Tsiku lina Loweruka aphunzitsi ndi banja lonse anapita ku ukwati. Tinatsala awiri. Ine ndinkasita malaya pa thebulo lodyera, iye ali pa kompyuta.

"Amayi, tabwerani muone," anandiitana.

"Ndili ndi nsimbi, iwe. Ukufuna nditenthe malaya a eni ake?"

"Iimikeni kaye. Ndikufuna mundithandize kupanga munthu."

Ndinaimika nsimbi n'kupita. Ndinaima kumbuyo kwa mpando wake, manja ndili nawo kumbuyo kuti ndisakhudze kanthu. Pa galasi la kompyuta panali chithunzi cha munthu wosavala bwino, wangoima chilili, manja ali lende. Mwana wanga anandifotokozera kuti aphunzitsi alandira masewera atsopano pa chimbale. M'masewerawo muli dziko la nkhalango, mapanga ndi zilombo, ndipo usanalowemo uyenera kupanga munthu wako amene uziyenda naye. Umamusankhira nkhope, zovala, ntchito ndi dzina.

"Ntchito zake ndi zinayi," anatero akuloza. "Uyu ndi msilikali wa lupanga. Uyu ndi wansembe, amachiritsa anzake. Uyu ndi wamatsenga."

"Ameneyo umusiye."

"Ndinadziwa kuti mutero. Wachinayi ndi uyu, wakuba. Ine ndasankha ameneyu."

Kwathu ku Nabvutika mawu amenewo sitisewera nawo. Munthu mmodzi akangokuwa kuti wakuba, anthu amatuluka ndi miyala osafunsa kuti waba chiyani. Ndinaonapo mnyamata atagona pafupi ndi msika, nsapato imodzi ili uko, ndipo mpaka lero sindidziwa chimene anatenga.

"Wansembe wakulakwira chiyani?" ndinamufunsa.

"Wansembe amangoima kumbuyo n'kumapemphera. Amayi, ndi masewera chabe. Palibe wapolisi alowe m'kompyuta."

Anaseka, ndipo kunali kuseka kwake koyamba kumene ndinakumva chichokereni kumanda. Ndiye ndinangoti ndimusiye. Ndinakoka mpando n'kukhala m'mphepete mwake.

Anati munthuyo amabwera wopanda kanthu, ndipo iwe umamugawira mphamvu, liwiro, nzeru ndi maso. Ukamuchulukitsira kwina, kwina kumachepa. Iye ankafuna kumupatsa mphamvu zambiri.

"Wakuba wanji wa matupi?" ndinatero. "Adutsa bwanji pa zenera? Amene anatibera zovala pa chingwe chaka chija anali woonda ngati bango."

"Ndiye ndimupatse liwiro?"

"Liwiro ndi makutu. Wakuba amayamba wamva galu, galu asanamumve."

"Makutu mulibe muno. Muli maso."

"Mpatse masowo. Ndipo nsapato zimenezo umuvule, zikuchita phokoso."

"Mukudziwa zambiri, amayi. Kodi kale munkagwira ntchito yanji?"

Ndinamumenya pa phewa ndi nsalu yopukutira. Anasekanso, kenako kusekako kunasanduka chifuwa. Anatsokomola nthawi yaitali atagwira m'mphepete mwa thebulo. Ndinakamutengera madzi. Pobwera ndinapeza wamuveka munthu uja chovala chakuda chofika kumutu, ndi kampeni m'chiuno. Pa lamba panalendewera timawaya tating'ono topindika.

"Timeneti n'chiyani?"

"Totsegulira maloko," anayankha osandiyang'ana. "Mwa anthu anayi onsewa, amene amadziwa kutsegula loko ndi uyu yekha."

Apo ndi pamene ndinazindikira chifukwa chimene anasankhira wakuba. Bambo ake ntchito yawo inali ya maloko. Anali ndi kabenchi pa msika, ankadula makiyi, kukonza maloko a zitseko ndi a masutikesi. Munthu akataya kiyi ankabwera kudzawatenga, iwo n'kupita ndi timawaya tawo m'thumba la jekete. Mwanayu ali wamng'ono ankakhala pansi pa benchipo kusewera ndi makiyi otha ntchito.

Koma ntchito ya maloko ili ndi vuto lake. Nyumba ikathyoledwa popanda kuswa chitseko, anthu amayamba kuyang'ana wodula makiyi. Amuna anga moyo wawo wonse ankasamala zimenezo. Munthu akabwera ndi sopo wodindapo kiyi kuti amudulire, ankamubweza. Akabwera ndi kiyi popanda loko wake, ankamufunsa mafunso mpaka munthuyo kutopa. Tinagonapo ndi njala chifukwa cha kukana kumeneko. Iwo ankati wa maloko akangotchedwa wakuba kamodzi, ndiye kuti benchi yake yatha.

Pamene ndinkaganiza zimenezi, mwana wanga anali atafika pa malo omaliza. Pansi pa chithunzi panali kabokosi kopanda kanthu. Anayamba kugogoda zilembo ndi chala chimodzi, pang'onopang'ono. Ine kuwerenga kumandivuta, koma mawu amenewo ndinkawadziwa ngati nkhope. Anali olembedwa ndi penti yofiira pa thabwa la pa benchi ija zaka zonsezo. Linali dzina la bambo ake.

"Fufuta," ndinatero.

"Amayi."

"Fufuta msanga. Wadina kale?"

"Sindinadine. Ndikadina apa ndiye kuti zalowa."

Chala chake chinali pamwamba pa batani lalikulu. Ndinamugwira dzanja.

Kwawo kwa amuna anga, kumudzi kufupi ndi Madzimoyo, dzina la munthu womwalira limagona. Silitchulidwa, silipatsidwa kwa khanda, mpaka abale atakolola, kuphika mowa, kumetanso kachiwiri ndi kulipereka kwa amene amusankha. Alamu anga aakulu anali atanena kale pa maliro kuti dzinalo adzalipereka kwa mwana yemweyu tikakolola. Apa chimanga chinali chikadali chachiwisi m'munda. Ife ndife Akatolika ndipo timapemphera, koma zimenezi sindinaonepo munthu wa kwathu akuzidumpha. Amati ukadzutsa dzina nthawi isanakwane, mwini wake amabwera kudzafunsa. Ndipo mwana amene ankalidzutsayo ndi amene ankatsokomola ngati mwini dzinayo.

"Dzina ndi langa lomwe," anatero. "Atate aakulu ananena pamaso pa anthu."

"Ananena kuti tikakolola. Wakolola iwe?"

"Adziwa bwanji? Kumudzi kulibe ndi magetsi omwe."

"Sindikunena za alamu."

Kenako anati, motsitsa mawu, "Ndimangofuna ndiziwaona akutsegula zitseko. Basi."

Ndikanamukalipira akanazimitsa kompyutayo n'kubwerera ku chete wake uja, ndipo chete ameneyo ndinkamuopa mofanana ndi chifuwa. Ndinamufunsa kuti munthuyo akalowa m'nkhalangomo chimamuchitikira n'chiyani. Anati amayenda, amatsegula mabokosi, amabera alonda, nthawi zina amagwidwa.

"Akagwidwa?"

"Amamupha. Koma umangoyambiranso, amadzuka."

"Kangati?"

"Kambirimbiri. Ngakhale kakhumi pa tsiku."

"Ndipo ana a aphunzitsi aziseweranso?"

"Akafuna, inde. Munthuyo amakhala momwemo."

Ndinaona m'maganizo atsikana awiri a aphunzitsi, ana a pulayimale okonda kukuwa, atakhala pa mpando umenewo akufuula dzina la amuna anga. Wakuti waba! Wakuti wafa! Ine ndili pansi ndi chokolopera. Munthu amene anakana sopo wa akuba zaka zonsezo, afe kakhumi pa tsiku ali ndi kampeni m'chiuno.

"Bambo ako anafa kamodzi," ndinamuuza. "Ndinalipo. Kwakwana."

Anadina kabatani kena, zilembo zija n'kumachoka chimodzichimodzi kuyambira kumapeto, mpaka kabokosi kanatsala koyera. Ndinapuma. Koma nthawi yomweyo anayambanso kugogoda, ndipo ndinaona chilembo choyamba cha dzina lake.

"Lakonso ayi."

"Aa, amayi! Nanga la ndani?"

"Iwe ukutsokomola chonchi, ndiye ndizimva ana akukuwa kuti wafa?"

"Popanda dzina sizipita kutsogolo. Onani." Anadina batani lalikulu lija, kompyuta inangolira kamodzi, osasintha kanthu. "Mwaona? Imakana."

"Peka lililonse. La galu, la mtengo."

"Sindikufuna mlendo. Tamupanga tonse munthuyu, nsapato mwamuvula ndinu. Akhale wa pakhomo pathu, apo ayi ndizimitsa."

Dzanja lake linapita ku batani lozimitsira. Nkhope yake inali itayamba kale kutsekeka monga inkakhalira kunyumba, akakhala pa khonde tsiku lonse osayankha munthu. Pakhomo pathu tinatsala ine, iye ndi azilongo ake awiri aang'ono. Mayina a ana anga sindikanapereka. Linatsala limodzi.

Ine anthu amanditchula ndi dzina la mwana wanga woyamba, amake wakuti. Kutchalitchi amanditchula la ubatizo. Koma ndili ndi lina, la paubwana, limene anandipatsa amayi anga. Kwathu mtsikana akavinidwa dzina limenelo limasiyidwa, ndipo kumuitana nalo munthu wamkulu ndi chipongwe chachikulu. Mwana wobereka wekha sayenera n'kulidziwa komwe. Amuna anga ankalidziwa, koma sanalitchulepo ngakhale pokangana.

Ndinayang'ana kukhomo ngati kukubwera munthu. Kenako ndinawerama n'kumunong'oneza m'khutu.

Anatembenuka n'kundiyang'anitsitsa. "Limeneli ndi la ndani?"

"Lemba."

"Ndi lanu? Amayi, ndi lanu limeneli?"

"Ukalitchula kunja kwa chipinda chino, usadzabwerenso kunyumba kwanga."

Anatseka pakamwa ndi dzanja, mapewa akugwedezeka ndi kuseka. Anati dzinalo ndi lachikazi, ndiye munthuyo ayenera kusintha. Anabwerera m'mbuyo, nkhope ya mwamuna ija inachoka, panabwera ya mkazi. Anamusankhira khungu lakuda kuposa onse amene analipo, ngakhale silinafike pa langa. Chovala chofika kumutu anachisiya, timawaya tija anatisiyanso pa lamba.

"Mphamvu ndimuwonjezere? Amachapa mabulangete a eni ake uyu."

"Usandiyese, iwe."

Analemba dzinalo n'kundifunsa ngati zilembo zili bwino. Sindinadziwe, chifukwa ndinali ndisanalionepo litalembedwa. Ndinaliyang'ana nthawi yaitali. Linali lalifupi kuposa mmene ndinkaganizira. Sindinkadziwa ngati chimene ndikuchitachi chilibenso mlandu wake. Amayi anga nawonso anali atagona kale, ndipo dzinalo anandipatsa ndi iwo. Koma mwini wake ndinali moyo, ndipo ngati wina akanabwera kudzafunsa, akanafunsa ine.

"Dina," ndinatero.

Anadina. Kompyuta inaimba kanyimbo, chithunzi chinasintha, ndipo kamkazi kaja kanaima pa khomo la phanga, kopanda nsapato. Ndinabwerera ku malaya a aphunzitsi. Nsimbi inali itatentha mopitirira, ndinadikira kuti izizire.

Lolemba masana atsikana aja atabwera ku sukulu anamupeza munthuyo m'kompyutamo. Ine ndinali kukhitchini ndikutsuka mapoto pamene wamng'onoyo anakuwa dzina langa la paubwana lija ndi mawu ake onse, kuti thawa, thawa, akugwira! Mbale inandipulumuka m'manja n'kugwera m'madzi. Pakamwa panga panali patatseguka kale kuti ndiyankhe. Amayi a m'nyumbamo, amene ankasenda anyezi pambali panga, anandiyang'ana n'kufunsa ngati ndadzicheka.

"Iyayi, amayi," ndinatero. "Sopo ndi woterera."

M'chipinda muja mwanayo anakuwanso kuti wafa, ndipo mkulu wake anati amupatse mpando ayeseko iye.