Kalata Yoitana Achimwene ku Chipata

Ndili giredi 11 ku Lundazi, aphunzitsi athu a Chinyanja anatiphunzitsa kalembedwe kokopa munthu: mafanizo, kubwereza mawu ndi mafunso osafuna yankho. Chaka chomwecho adada anadwala kwathu ku Magodi, koma achimwene anga, amene ankagwira ntchito ku Chipata, sankabwera kudzawaona. Nditapita kumudzi patchuthi, amama anandiuza kuti ndilembere achimwenewo kalata.

Ndinaikamo zonse za m'kalasi. Ndinalemba kuti banja lathu lili ngati nkhokwe yopanda denga, ndipo ndinafunsa katatu ngati mtima wawo unasanduka mwala. Nditawawerengera, amama anapukusa mutu.

"Mwana wanga, mawu ako ndi okoma, koma mkulu wako achita manyazi, sabwela. Ungolemba kuti belu la njinga likalila pamsewu, adada ako amadzuka pamphasa n'kufunsa ngati ndi iye."

Zinandiwawa, komabe ndinang'amba pepala langa n'kulemba zomwezo, mizere iwiri basi. Kalatayo tinapatsa kondakitala wa minibasi.

Loweruka lotsatira achimwene anafika atanyamula bulangeti latsopano. Anagwada pambali pa adada, ndipo anakhala nafe mpaka titamaliza kukumba mtedza.