Ulusi wa a Zidendene

Pakhonde la golosale yoyandikana ndi nyumba yathu pamakhala bambo wina wosoka nsapato. Anthu amawatchula a Zidendene, poti ukamawapatsa moni amayamba ayang'ana kuphazi, nkhope pambuyo. Akalambira pomwepo, pakabenchi kogwedera, chitini cha misomali pambali, zala zakuda ndi guluu. Akazi awo anamwalira kale. Mwana wawo mmodzi yekhayo anakwatiwa kunja, ndipo mdzukulu anabadwira komweko, mwezi umodzi ndi mwana wanga. Kamtsikanako amangokaonera pafoni, ndipo chilankhulo chathu sikadziwa ngakhale moni.

Atamva kuti ndinalekezera Fomu 3, anandikodola tsiku lina. Anati akufuna mawu amodzi okha a Chingerezi, a kugula. Ndinawauza kuti ndi buy. Mawa lake anafunsa ngati mawuwo amasintha ukakhala kuti unagula kale. Ndinati eya, amasanduka bought. Anadandaula kuti chilankhulo chimenechi n'chosakhazikika ngati mlamu wobwereka njinga, lero nkhope ina, mawa ina. Kenako anafuna kudziwa ngati kugula chinthu n'chimodzimodzi ndi kugulira munthu. Apo mutu unaima, mpaka ndinakafukula buku langa lakale pansi pa bedi. Chiganizo chonse ndinawalembera pakachidutswa ka katoni, iwo n'kukakhomera pabenchi ndi msomali. Ankachiyeseza uku akusoka, makasitomala n'kumaganiza kuti akupemphera.

Chaka chilichonse amayeza phazi la mwana wanga ndi ulusi, amamanga mfundo, n'kupita nawo kusitolo kukagula nsapato zatsopano. Nsapatozo amapatsira aliyense wolowera kunjako kuti akapereke kwa mdzukulu wawo. Ndinawaseka kuti mmisiri wa nsapato angamagulenso nsapato. Anayankha osadzutsa mutu: "Make mwana, asamadzati agogo ake ndi a zigamba."

Ine ndinali ndi changa chondidya mumtima. Bambo a mwana wanga nawonso ali kunja, ndipo masiku amenewo uthenga wawo unali umodzi: mwana atsogole, sukulu zabwino zili uko, ine ndidzatsatira mapepala akatheka. Sindinkayankha. Pamsewu ndinkangomugwira dzanja mwanayo mpaka kudandaula kuti ndikumupweteka.

Loweruka lina masana mwana wa a Zidendene anaimba pafoni yanga, poti yawo ndi yamabatani. A Zidendene anapukuta manja paepuloni, n'kuvula chipewa. Kamdzukulu kataonekera, anakauza m'Chingerezi kuti anakagulira nsapato, chiganizo chonse osapunthwa pena paliponse. Kamtsikanako kanamwetulira, kanayankha zambirimbiri mothamanga, n'kuthawira kosewera.

Ine ndinali nditamva zonse. Kanati nsapatozo zinkakathina, ndiye amayi ake anapatsa ena.

"Akuti bwanji?" anandifunsa.

"Akuti zikomo, agogo."

Anandiyang'ana nthawi yaitali, kumaso osati kuphazi. Kenako anadula ulusi wina n'kuitana mwana wanga kuti aponde pabenchi. Anayeza monga mwa masiku onse, koma asanamange mfundo anaonjezera zala ziwiri.

Mwana wanga anawafunsa chifukwa chimene samugulira iyeyo, chonsecho phazi ndi lake. Anamuyankha kuti iye ali pafupi, zake zikang'ambika amazisoka ndi manja awo.

Titalowa m'nyumba ndinawalembera bambo ake kuti mwana adzanyamuka tsiku limene ndidzanyamuke ine. Mpaka lero sanayankhe.